Olukana a ku Matundo

Matundo, Tete
5 Março 2023

Okondedwa Isménia, amake Nércia,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inuyo, mwana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, chovuta ndi dzuwa basi. Kwanu ku Domwe mukufunda bulangeti, kuno madzi a m'chigubu amatentha okha ngati ososolera nkhuku.

Ndasankha kulemba chifukwa foni ya kwa aneba anu imamveka mudzi wonse, ndipo kuno nako munthu sungayankhule pafoni makomo khumi osakumva. Kalatayi ndapatsira Célio, mwana wa a Sebastião, amene akubwera ndi kamiyau, lole ya bambo ake ija, kudzanyamula kachewere. Akupatsaninso chitenje chimodzi cha kapulana, sopo ndi nsomba zouma za ku Chikowa. Nsombazo muziyamba mwaviika, mchere wake ndi woluma. Kachewere wa kudimba mumupopere mankhwala masamba asanayambe kupsa, ndipo mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale wina akulonjezeni zotani.

Mlongo wanga Tamanda anafika bwino, muwauze amayi asadandaule. A Sebastião amupatsa malo kumsika pambali pa benchi langa, akugulitsa matimati. Pabwalo pano pali makomo khumi ndi anayi, onse a kwathu ku Angónia, ndipo mwini bwalo ndi a Sebastião omwewo, prezidenti wa bungwe lathu la ogulitsa kachewere. Wobwera ndi mmodzi yekha, wa chipinda chakumapeto, dzina lake Witness. Kwawo ndi ku Ntcheu, kutsidya kwa malire, ndipo kumeneko anali mphunzitsi. Lamulungu lililonse masana amandiphunzitsa Chingerezi pansi pa mtengo wa masawu, poti makampani a malasha ku Moatize amafuna munthu wotha kuyankha mzungu.

Ndikuuzeni choseketsa. Sabata yatha kunabwera mayi wachizungu wa bungwe loona za madzi. Anaona akazi athu akuphika pamoto umodzi, ana akudya mbale imodzi osadziwika uyu ndi wa yani. Anagwira pamtima n'kunena mawu ena kawiri konse. Atapita ndinafunsa Witness, iye nandilembera pansi ndi chala: close-knit.

"Knit ndi kuluka," anatero, "monga mmene akazi anu amalukira zipewa za ana. Close ndi pafupi. Ndiye kuti anthu olukana zolimba, ulusi uwu wagwira uwo, popanda popisa chala."

K wa pa knit satchulidwa. Ndinafunsa kuti nanga amamulemberanji, iye anati azungu ali ndi inki yambiri. A Sebastião atamva tanthauzo anakondwa kwambiri, akuti alembetsa mawuwa kumbuyo kwa kamiyau.

Mundipsompsonere Nércia.

Ndine mwamuna wanu,
Osvaldo

Matundo
16 Abril 2023

Amake Nércia,

Moni nonse kumeneko. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kuti Nércia wayamba kuwerenga yekha. Ufa munatumiza wafika.

Musadzidzimuke, ndinadwala malungo masiku asanu koma ndachira. Sindinasowe kanthu. Akazi a pabwalo ankasinthana kundiphikira phala, Célio anandinyamula kupita kuchipatala, ndipo benchi langa silinatsekedwe ndi tsiku limodzi lomwe. Mnyungwe wina, mbadwa ya kuno ku Tete, wonyamula matumba kumsika, dzina lake Arlindo, anandiseka nditabwerera. Akuti inu a ku Angónia, mmodzi akayetsemula nonse mumapukuta mphuno.

Mawu aja ndawagwira tsopano, ngakhale ndinayamba ndi kulakwa. Ndinati ine ndi inu ndife close-knit. Witness anati ayi, anthu awiri sakwana, amanenera banja lonse, mudzi, mpingo kapena timu ya mpira. Ndinati nanga mbuzi za m'khola? Anati mbuzi zimangopanikizana. Kenaka anandiuza kuti iye mawuwa amawaona kawirikawiri m'nyuzipepala za Chingerezi, koma osati pa nkhani za ukwati. Amawalemba pamudzi pakagwa ngozi kapena mlandu, atolankhani atayenda khomo ndi khomo osapeza woyankha. Ndinafunsa ngati ndi mawu oyamikira kapena onyoza. Anakanda mutu n'kuti zimatengera pamene waima, m'kati kapena kunja.

Tsopano nkhani yeniyeni. Witness anabwera kwa ine atavula chipewa kudzafunsira Tamanda. Ndinali nditaona kale, pakuti munthu wophunzira sanyamula mabokosi a matimati m'mawa uliwonse chifukwa chokonda matimati. Tamanda nditamufunsa anangoyang'ana pansi n'kumaseka. Ndinakawauza a Sebastião. Iwo anati palibe choletsa, mlendo akwatire, bola adziwe mwini mthunzi umene akupumamo. Mapepala ake okhalira m'dziko muno anatha chaka chatha. Tonse tikudziwa, palibe amene amatchula.

Muwauze amalume ayambe kukonzekera, a kwawo kwa mnyamatayo abwera mukakolola. Ine ndamukonda. Samwa, ndipo akamaphunzitsa sachititsa munthu manyazi.

Wanu,
Osvaldo

Tete
4 Junho 2023

Amake Nércia,

Moni. Ndili moyo. Kalata ino sindinapatsire Célio, ikubwera ndi mayi wina wa kutchalitchi amene akupita ku Ulongwe. Mukawerenga musaonetse munthu.

Lachiwiri m'mawa kumsika kunachitika ngozi. Kamiyau inafika ndi matumba, Célio akubwerera m'mbuyo kuti aime pafupi ndi khoma la nyumba yosungiramo katundu. Foni inali kukhutu. Arlindo uja ndinakuuzani anali pakati pa galimoto ndi khoma, akumasula chingwe. Tinakuwa, koma Célio sanamve. Ataiyendetsa kupita kutsogolo, Arlindo anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, maso ali pa ife. Magazi anali pa zilembo zatsopano zija a Sebastião analembetsa. Anamwalira tisanafike naye pamsewu.

Masana a tsiku lomwelo a Sebastião anaitanitsa bungwe lonse pabwalo, geti lotseka. Sanakalipe. Anayamba ndi kutchula mmodzimmodzi. Uyu ndinamuikira maliro a mwana wake. Uyu ndinamutulutsa ku eskwadra apolisi atamugwira. Atafika pa ine anati, "Osvaldo, malungo aja atha?" Ndinati atha, bambo.

Zimene tinagwirizana ndi izi. M'kamiyau munalibe munthu. Célio anali atatsika kukagula madzi, galimoto inatsetsereka yokha, ndipo Arlindo anali atamwa kuyambira m'mawa. Tonse tinabwereza mawuwo katatu ngati katekisimu. Ineyo Arlindo sindinamuonepo atamwa. Wasiya mkazi ndi ana anayi ku Nhartanda, m'mbali mwa Zambezi.

Witness anali pomwepo pa ngoziyo, bokosi la Tamanda lili paphewa. Kumsonkhano sanaitanidwe poti si wa bungwe. A Sebastião andituma kuti ndikamufotokozere zimene iye anaona. Ndikuzengereza, koma ndipita.

Chakudya sichikulowa bwino masiku ano, mwina ndi kutentha. Chimanga musachedwe kukolola, akuba achuluka chaka chino.

Osvaldo

Tete
9 Julho 2023

Amake Nércia,

Moni kwa inu ndi mwana. Mafunso anu achuluka, ndiyankha amene ndingathe. Muwauze amalume asiye zokonzekera, ukwati kulibe.

Ndinapita kwa Witness monga anandituma. Ndinamupeza pansi pa masawu akusoka nsapato. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Alamu, munali pambali panga. Munakuwa ine ndisanakuwe."

Ndinati, "Maso anga anali pa sikelo."

Anati iye sapita kukanenera munthu, koma akafunsidwa sanama. Ndinamuchonderera kuti angoti sanaone. Zikanathera pomwepo, koma patapita sabata mkazi wa malemu, dzina lake Tomásia, anabwera kumsika ndi ana ake onse anayi. Anayenda benchi ndi benchi akugwada, akufunsa m'Chinyungwe kuti mwamuna wake anafa bwanji, poti ana akunyozedwa kuti bambo awo anafera mowa. Aliyense anayang'ana kumbali. Ine ndinawerama ngati ndikusankha kachewere wowola. Atafika pamene panali Witness, Witness anamudzutsa n'kupita naye ku eskwadra.

Célio anakhala m'manja mwa apolisi masiku asanu ndi anayi. Ife tinapita anthu makumi atatu kukapereka umboni, ndipo ine ndinali wachitatu kulowa. Mawu a munthu mmodzi sangalemere kuposa a anthu makumi atatu. Célio anatuluka.

Loweruka lotsatira, dzuwa lili paliwombo, a Sebastião anati chipinda chakumapeto chikufunika. Amuna analowa n'kuyamba kutaya katundu panja. Tamanda anagwira chitseko ndi manja awiri, akazi anayi anachita kumukanganula. Foni yake anaiponya m'ndowa ya madzi. Atagwa pansi anakuwa kuti musandiponde pamimba. Ndi mmene ndinadziwira kuti ali ndi pakati, miyezi itatu.

A Sebastião anandiloza nati, "Bokosi la mabuku lija atulutse mlamu wake." Anthu onse anaima kundiyang'ana. Amake Nércia, mukanakhala inu mukanatani? Ndinalinyamula n'kukalikhuthula mumsewu. Witness sanandinyoze. Anatola buku limodzi, lija tinkaphunzirira, nalipukuta fumbi, n'kundipatsa. "Tsamba makumi anayi sitinamalize," anatero.

Anthu oona za olowa m'dziko anali atafika kale pageti. Wina anawaimbira foni za mapepala ake, sindikudziwa ndani, ndipo sindinafunse. Amubweza kwawo kudzera ku Zóbue.

Munalemba kuti mumayesa munakwatiwa ndi munthu wa mtima wofewa. Inu mumadya chifukwa ine ndili ndi benchi, ndipo benchilo lili pamalo a bungwe. Kachewere wanu amafika kuno pa galimoto ya yani? Ganizirani zimenezo musanalembenso.

Osvaldo

Matundo
20 Agosto 2023

Amake Nércia,

Landirani moni wachimwemwe. Ntchito ndapeza! Ndayamba pa kampani ina yonyamula malasha ku Moatize, ndikuyang'anira matayala m'nyumba ya katundu. Andipatsa ovolosi yalalanje, nsapato zachitsulo kutsogolo ndi chisoti. Msuweni wa a Sebastião ndi amene anapereka dzina langa, koma pa entrevista, pamene amafunsa mafunso, ndinadziyankhira ndekha. Mzungu anandifunsa m'Chingerezi za kumene ndimakhala. Ndinati ndimachokera pakati pa anthu a close-knit, k osamutchula. Anagwedeza mutu nati kampani imafuna anthu otero, odziwa kugwirizana ndi anzawo. Pabwalo anandiphera mbuzi. Ndatumiza nsapato za Nércia ndi malata anayi, mukhome pakhitchini mvula isanayambe.

Za Tamanda. Malo ake kumsika anapatsidwa kwa wina. Bungwe linagamula kuti pasapezeke womugulitsa matimati, womubwereka mpando, ngakhale womuyankha moni, mpaka atagwada pamaso pa onse n'kunena kuti Witness ananama. Ndinamuuza kuti ndi mawu awiri okha. Anati, "Achimwene, inu munawanena, nanga bwanji mwaonda?" Anamanga katundu wake n'kuwoloka mlatho wapansi. Akukhala ku Nhartanda kwa Tomásia yemwe uja, akugulitsa naye makala. Taonani manyazi ake, mwana wa kwathu kukasungidwa ndi anthu amene anafuna kumangitsa Célio.

Witness anandiimbira kuchokera ku Ntcheu, poti nambala yanga anaisunga pamtima ndipo ya Tamanda sikugwira. Akuti akukonza mapepala kuti abwere kudzamutenga. Mkazi wa a Sebastião anali chapafupi akuyanika zovala. Ndinamuuza kuti asavutike, Tamanda anachotsa mimba ndipo anapita ku Beira ndi mwamuna wina. Anangoti zikomo alamu, n'kudula. Sanaimbenso. Ndinatero kuti asabwere kudzavulazidwa, mumvetse.

Amayi muwauze zomwezo za ku Beira, koma munene kuti wapeza ntchito ya m'nyumba. Za mimba asamve.

Mwamuna wanu,
Osvaldo

Matundo
19 Novembro 2023

Amake Nércia,

Moni. Miyezi iwiri yatha osalandira kalata yanu. Célio akuti mumangolandira katundu osanena kanthu. Ngati mukudwala ndidziwitseni.

Ndilemba mwachidule. Lamulungu lapitalo Tamanda anabwera pageti. Kunali kotentha koti phula amamata ku nsapato. Machapa, maminibasi a kuno, anali ochepa, ndipo iye anali atayenda kuchokera pamene anamutsitsa, Tomásia atamugwira m'khwapa. Matenda anamuyamba nthawi isanakwane, ndipo magazi anali kutsika m'miyendo. Akuti anayamba apita ku kachipatala kakufupi, komweko anawauza kuti apite kuchipatala chachikulu, koma galimoto yonyamula odwala inali itatuluka. Tomásia anati akwere njinga yamoto. Tamanda anakana, anati ndili ndi mchimwene wanga, kwawo kuli galimoto.

Kamiyau inali pabwalo, Célio atakhala pamthunzi wake. Ine ndinali pampopi kuchapa ovolosi. Tamanda sanaitane wina aliyense, anaitana ine, ndi dzina lija ankandiitana ali mwana. Mkazi wa a Sebastião anapita pageti nati, "Bwera ugwade unene mawu aja, galimoto ilira pompano." Tamanda anagwada, koma chifukwa miyendo inakana kumunyamula. Mawuwo sananene. Mayiwo anakankha geti n'kukoka chitsulo.

Ndinapitiriza kuchapa. Sopo anatha m'manja ndikuchapabe.

Anawanyamula ndi munthu wina wa ngolo yamanja, kenaka galimoto ya munthu wodutsa. Mwanayo anali wamwamuna. Anakhala ndi moyo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Anamuika akazi a Chinyungwe a ku Nhartanda, pa anthu a kwathu panalibe ndi mmodzi yemwe. Tamanda ali moyo, atuluka m'chipatala sabata ino. Lachitatu ndinakwera chapa yodutsa pachipatalapo. Ndinafika mpaka pakhomo, koma pamenepo pamagulitsa nthochi mkazi wina wa pabwalo pathu, ndiye ndinangogula nthochi n'kubwerera.

Anamwino akuti ngakhale akanafika msanga mwina sizikanasintha. Akuti mwina. Ine ndagwira mawu amenewo, nanunso muwagwire.

Amayi asamve. Feteleza akubwera ulendo wamawa, muthire mzere ndi mzere monga chaka chatha.

Osvaldo

Matundo
14 Janeiro 2024

Kwa Isménia,

Moni. Ine ndili bwino. Kalata ino a Sebastião aiwerenga ndisanamate, ndipo avomereza zonse zili m'menemu.

Ndamva zimene munachita. Munagulitsa mbuzi yaikazi ndinakuletsani ija, n'kukwera chapa kubwera ku Tete osandiuza. Munadutsa pa Matundo pano, pamsewu woonekera geti lathu, osatsika. Munagona kwa Tomásia, pamphasa imodzi ndi ana ake, m'mawa mwake n'kumutenga Tamanda kupita naye ku Domwe. Zikanathera pomwepo mwina ndikanakupepeserani kwa akuluakulu.

Koma pa Khirisimasi, anthu atadzaza tchalitchi, munaimirira nthawi ya zolengeza n'kufotokoza zonse. Munatchula Célio, munatchula a Sebastião ndi akazi awo, munatchula mayina a akazi anayi aja, amayi awo ali pomwepo. Munatchulanso ine. Akuti amayi anga anagwa pabenchi, ndipo atatsitsimuka ananena kuti anabereka mwana mmodzi yekha, wamkazi. Tsopano midzi iwiri ikukana kugulitsa kachewere kwa bungwe. Ndamvanso kuti munaperekeza Tamanda kuwoloka malire kukafunafuna mphunzitsi uja, ndipo munakapeza atachoka, abale ake osadziwa kumene analowera. Mwapindulanji?

Dzulo bungwe linakhala pansi. Ine anandikhazika pakati, pa mpando waufupi. Ena ankati ndichoke pabwalo ndipo msuweni wa a Sebastião akachotse dzina langa kuntchito. A Sebastião ndi amene anandiimira. Anati, "Osvaldo ndi mwana wathu, wayesedwa kawiri sanagwedezeke. Cholakwa chili ndi mkazi." Anandifunsa pamaso pa onse ngati ndikusankha nyumba ya ku Domwe kapena bwalo lino. Sanandiumirize. Anandipatsa nthawi yomwera madzi.

Ankhoswe anga abwera kwa anu mwezi uno kudzathetsa ukwati. Malata a pakhitchini ndakusiyirani, munda wa kudimba alima achimwene a Célio. Musandilemberenso, makalata onse obwera pabwalo pano ayamba adutsa kwa a prezidenti.

Chatsala ndi mwana. Ndinalowola mokwanira, ndipo bungwe laona kuti Nércia sangakulire pakhomo pamene amaphunzitsa mwana kuneneza abale ake. Mkazi wa a Sebastião wavomera kumulera pamodzi ndi adzukulu ake, sukulu ili pafupi. Célio afika ndi kamiyau Loweruka m'mawa, adzakhala ndi amuna atatu a bungwe ndi kalata ya ankhoswe. Musachititse phokoso, mwana angaope. Mumulongedzere zovala zopepuka, kuno majuzi alibe ntchito. Mankhwala ake a chifuwa musaiwale, fumbi la malasha ndi loipa.

Musamuuze kuti sabwereranso. Muuzeni kuti bambo ake amuitana kuti akaone mlatho.

Osvaldo